Telala agule simbi yolemera, asatengeke ndi nthunzi

Wosoka amene amalumikiza tizidutswa ta zitenje kuti apange chofunda sasita monga wochapa. Ntchito yake ndi kupsinja msoko uliwonse kuti ugone asanalumikize kachidutswa kena. Nchifukwa chake ndikuti pogula simbi aziyang'ana kulemera kwake ndi kutentha kosasinthasintha. Nsalu ya thonje imapirira madigiri 200, pamene poliyesita amafuna pafupifupi 110 kapena 150, choncho kotembenuzira kutentha nkofunika kuposa zokongoletsa zonse za pabokosi.

Ena anganene kuti nthunzi imathetsa makwinya msanga. Nzoona pa malaya, koma kachidutswa kodulidwa mopingasa kakanyowa nkusitidwa ndi simbi kamatamuka, ngodya zake osakumananso. Kansalu konyowetsa koyala pamwamba kamagwira ntchito yomweyo mosawononga. Nanga simbi ya makala? Kulemera ili nako, ndipo magetsi akazima imapulumutsa, koma kambaliwali kamodzi kamaboola ntchito ya sabata yathunthu. Wogula simbi ya magetsi ya pakaunjika awerengenso zolembedwa pasimbiyo: simbi za ku America zimapangidwira mavoti 120, pomwe magetsi athu ndi a 230.