KUKONGOLA SIKUGULIDWA M'BOTOLO

Masiku ano kwabuka chizolowezi pakati pa akazi ena a m'mizinda chokajambulitsa zithunzi atavala zovala za kuchipinda. Asanapite kwa wojambula amakonza tsitsi ndi kuphoda nkhope, ndipo ena amatha milungu ingapo akudzola mafuta oyeretsa khungu.

Kudzisamala si tchimo ai. Makolo ankaluka tsitsi ndi kudzola mafuta a nsatsi, khungu nkukhala see! Koma mafuta oyeretsa khunguwa ndi chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Ambiri mwa mafutawa ali ndi mankhwala a hydroquinone kapena mercury. Hydroquinone amaletsa khungu kupanga mtundu wake wakuda umene umateteza munthu ku dzuwa, ndipo wodzola nthawi yaitali amatuluka zigamba zakuda bii m'masaya, zovuta kuchiza. Madokotala a ku South Africa adalongosola nthendayi mu 1975, ndipo dzikolo lidaletsa mankhwalawa m'zodzola mu 1990. Mercury nayenso amaononga impso.

Chithunzi nacho chili ngati mau: chikatuluka sichibwerera. Chikachoka pa foni imodzi, mwini wake sangachiletsenso kuyenda.

Nchifukwa chake atsogoleri a chipani m'nthambi zonse ndi ogwira ntchito m'boma ayenera kulangiza atsikana ndi amai, kuyambira m'makomo mwao momwe. Mtundu wochita manyazi ndi khungu lake sunamasuke kwenikweni, ngakhale uli ndi mbendera yakeyake.