Masamu si a anyamata okha

Amayi anzanga a m'mabungwe, tikamalangiza mtsikana wanzeru timangoti, "Udzakhale namwino kapena mphunzitsi." Ine ndine mzamba ndipo ntchitoyi ndimaikonda, koma njira si ziwiri zokha ayi.

Mayi Rachel Sibande adaphunzira za makompyuta ku Chancellor College, ndipo mu 2013 adakhazikitsa mHub ku Lilongwe, malo oyamba m'Malawi muno osonkhanitsa ndi kusula achinyamata pa luso la makompyuta. Maphunziro amenewa amayambira pa masamu.

Nanga mwana wathu wa ku Nsanje kapena ku Chikwawa masamuwo awerenga nthawi yanji, poti mlongo wake akatsegula buku iye amakhala ali kumjigo? Ena ndimakumana nawo ku matenite ali ndi zaka 15 zokha. Madzulo ano, mnyamatayo akatungeko madzi.