Galu Akaluma Alibe Mwini

Masiku apitawa tidaika m'manda mwana wa zaka 7 pa tchalitchi lina laling'ono la kumudzi. Miyezi iwiri m'mbuyomo galu adamluma pa katumba pamene ankachokera ku chigayo. Bala lidali laling'ono, lidapola msanga, ndipo onse adaiwala. Kenaka mwanayo adayamba kutentha thupi, kusowa tulo, kudzidzimuka ngakhale ndi kamphepo komwe. Ndipo amai ake atamsendezera chikho cha madzi, khosi lake lidakana, iye nkumalira ali ndi ludzu. Pa tsiku lachinai adatsirizika. Pamaliro anthu adanong'onezana za ufiti, monga mwa nthawi zonse. Koma ife titafunsa kuti kodi galu uja adali wa yani, mudzi wonse udangoti zii. Galu amene kwa zaka zitatu ankagona pa khonde la munthu wodziwika, namamperekeza kumunda ndi ku uzimba, tsiku limenelo adasanduka wamasiye. Yankho lidali lakuti: "Si wanga ai, ankangobwera kudzatola makombo."

Mau amenewa ndiwo tifuna kulimbana nawo, pakuti sadayambire pamaliro paja, ndipo sadathere pomwepo.

Ena mwa ife amayesa kuti kufunsa ngati nkoyenera kusunga galu kapena mphaka pakhomo ndi nkhani ya anthu okhuta a ku maiko akutali. Nanga ndi mudzi uti kwathu kuno umene ulibe agalu? Makolo athu adawaweta kuti aziwathandiza kusaka ndi kupirikitsa anyani m'munda, ndipo ankawatcha maina olankhula, kotero kuti poitana galu wake munthu ankadzudzula mnansi wamiseche popanda kumtchula. Pa zimenezi palibe cholakwa. Chimene timaiwala ndi chakuti kuweta ndi ngongole. Akatswiri amatiuza kuti galu adachokera ku mimbulu, ndipo ndiye nyama yoyamba imene munthu adaiweta, zaka zoposa 14,000 zapitazo. Tidamchotsa kuthengo kumene ankadzisakira yekha, tidamphunzitsa kuyang'ana m'manja mwathu, ndipo lero sangathe kubwerera. Mbuzi timaisamala popeza ili ndi mtengo pa msika; nkhuku timaimangira khola popeza tidzadya mazira. Galu sagulitsidwa pa sikelo, tsono m'mene timamsungira ndi m'mene mumaonekera mtima wathu weniweni.

Taonani m'mene timabwezera ngongoleyo. M'matauni mwathu galu amakhala tsiku lonse pa unyolo waufupi, kapena m'kanyumba ka malata kotentha ngati uvuni m'mwezi wa Okutobala, popanda ndi madzi omwe. Pali chiphunzitso chimene chafala pakati pathu chakuti galu wokhuta ndi waulesi, ndipo kuti wanjala ndi wosaona anthu ndiye mlonda wabwino. Ena amafika pomuikira tsabola kapena chamba m'chakudya kuti aluse. M'mbali mwa miseu ya ku Lilongwe ndi ku Blantyre tiana taagalu timanyamulidwa m'mwamba padzuwa kuti oyenda pa galimoto atione, tosaleka kuyamwa nkomwe, ndipo tambiri timafa tisadapeze wogula. Kumudzi nako galu amamasulidwa kuti akadzionere yekha ku dzala ndi kumisika, kumene amakalumana ndi anzake osadziwika kochokera, nabwerera pakhomo kudzagona pafupi ndi ana. Galu amene tamlusitsa dala sasiyanitsa mbala ndi mwana wotumidwa kudzapempha moto. Ameneyo sitidamuwete, tidangomsula ngati mkondo nkuuponya m'mudzi osayang'ana kumene ugwere.

Tsono tinene za chiwewe mosabisa. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, limawerengera kuti nthendayi imapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri a iwo mu Africa ndi ku Asia, ndipo mwa anthu 100 oitenga, mpaka 99 amaitenga kwa galu. Pa anthu khumi ophedwa nayo, pafupifupi anai ndi ana osafika zaka 15. Kachirombo kake kamalowa ndi malovu pa bala, kamayenda pang'onopang'ono m'mitsempha kulunjika ku ubongo, kawirikawiri kwa miyezi iwiri kapena itatu, munthu akuseka ndi kulima ngati wabwinobwino. Zizindikiro zikangooneka, mankhwala palibe. Komatu nthendayi njopeweka kotheratu. Louis Pasteur adapulumutsa mnyamata wolumidwa, Joseph Meister, ndi katemera m'chaka cha 1885. Wolumidwa akatsuka bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, nathamangira kuchipatala kukalandira jekeseni, amapulumuka. Ndipo agalu 70 mwa 100 alionse a m'dera akamabayidwa katemera chaka ndi chaka, nthendayi imasowa poyenda. Izi zidachitikapo kwathu konkuno: m'chaka cha 2015 bungwe la Mission Rabies, pamodzi ndi a zaziweto a boma, lidabaya agalu oposa 35,000 mu mzinda wa Blantyre m'masiku 20 okha, eni ake osalipira kanthu. Maiko adagwirizana kuti pofika 2030 pasadzakhalenso munthu wofa ndi chiwewe chochokera kwa galu. Nanga ife tidzayankha chiyani, ife amene timamva kuti katemera wafika pa sukulu kapena pa dipi, nkunena kuti galu wathu ngwosagwirika, kapena kuti jekeseni imafooketsa galu posaka?

Tikudziwa chimene owerenga ena anena, ndipo si mau opusa ai. Adzati: ana athu akugona ndi njala, chimanga chakwera mtengo, inu nkumatiuza za agalu? Inde, munthu ndiye woyamba, ndipo pa ichi sitisuntha. Koma tisanamizane. Palibe amene adakakamizidwa kutenga kagalu. Amene alibe madeya kapena mkute woti nkupatsa galu, asamtenge. Palibe manyazi pa kukhala wopanda galu, manyazi ali pa kukhala ndi galu wa nthiti zowerengeka amene amadya m'miphika ya anansi. Ndiponso madzi m'phale, mthunzi wa mtengo ndi ulendo umodzi pa chaka wopita ku katemera sizilanda mwana aliyense nsima. Amene amati sangasamale galu chifukwa amakonda anthu, apite akaone manda aang'ono aja. Kusasamala galu ndiko kudapha mwanayo.

Tisaiwale kudzudzulako mbali inayo, ngakhale mwachidule, popeza anthu ake ngowerengeka. Kuseri kwa mipanda yaitali kuli agalu a mitundu yachilendo amene amadya nyama tsiku ndi tsiku, mlonda amene amawaphikira nyamayo akudyera nsima yake masamba opanda mafuta, ndipo malipiro ake a pa mwezi osafika pa ndalama zodyetsera galu mmodzi. Katekisimu wa Mpingo, pa ndime 2418, amatsutsa zinthu ziwirizi pamodzi: kuzunza kapena kupha nyama popanda chifukwa, ndiponso kuonongera pa nyama chuma chimene chikadayenera kuyamba chathandiza anthu ovutika. Papa Francis naye, mu Januwale 2022, adadandaula za mabanja amene amasankha agalu ndi amphaka m'malo mwa ana, ndipo ambiri ku Ulaya adakwiya naye. Koma tichenjere: nkosavuta kuwomba m'manja pamene akudzudzulidwa olemera a kutali. Tchimo lathu ambirife si kukonda nyama mopitirira. Ndi kufuna ntchito yake tikukana udindo wake.

Malemba sadanyoze munthu wokonda chiweto chake. Mneneri Natani pofuna kutsutsa mfumu Davide adasimba za mmphawi amene adali ndi kamwana kankhosa kamodzi, kokulira pamodzi ndi ana ake ndi kudya nawo limodzi, ndipo woipa m'nkhanimo sadali mmphawiyo. Chikondi chotere chimadziwika ndi chinthu chimodzi: mwini sakana chiweto chake pa tsiku loipa. Mbuzi ikadya chimanga cha mnansi, mwini amadziwika ndipo amalipa kwa a mfumu. Chifukwa ninji mlandu wa mapesi uli ndi mwini, koma wa magazi a mwana ulibe? Mafumu athu, amene amadziwa mbuzi ya munthu aliyense m'mudzi, angathe kudziwanso galu wa aliyense ndi chikalata chake cha katemera. Ndipo ife a m'mipingo, amene timalengeza za zopereka Lamulungu lililonse osatopa, sitingalephere kulengeza tsiku limene a zaziweto afike.

Patapita sabata ziwiri chichitikire maliro aja, mai wina wachikulire adatitsata pambuyo pa mapemphero natiuza chimene mudzi udabisa. Galu uja, patangopita masiku owerengeka atamluma mwanayo, adayamba kutuluka dovu ndi kuluma mitengo, ndipo adafa yekha kuseri kwa nkhokwe. Mwini wake adamkwirira usiku, osauza munthu, poopa kuti makolo a mwana angamlipitse ndalama za ulendo wa kuchipatala. Pa nthawiyo mwanayo adali akali kusewera mpira wachikulunga pabwalo, ndipo jekeseni ikadamthandiza. Ulendo wa kuchipatala cha boma kuchokera m'mudzimo ndi wa maola awiri pa njinga.