Musamize ndalama za usipa pa kompyuta ya magemu

Anyamata a kunyanja, tamvani! Ena akukunamizani kuti kuonera mafilimu pa TV kumafuna kompyuta ya magemu, ya mafani olira ngati injini ya boti. Bodza limenelo! Chimakina chotero chimadya mawatsi mazanamazana, batire ya sola imatha msanga. Raspberry Pi 4 imangofuna 5V, mawatsi osaposa 15, koma imaonetsa mpaka 4K. Ikanimo LibreELEC, mumabwera Kodi kale, zonse zaulere. Wokulipiritsani pulogalamu imeneyi ndi wakuba. Onjezani memori khadi, chingwe cha micro-HDMI ndi hard drive ya mafilimu, basi. Zotsalazo gulani masipika abwino, kapena konzetsani ukonde wa madala. Usipa sitiwedza ndi mbedza ya kampango, amwene. Tumizirani anzanu asanapite kukagula.