Chaka chimene Zesco inataya ligi ndiye chinali chaka chake chabwino

Loweruka lapita ndinali mu babashopu ku Kabwata, TV ili pa bola ya ku England monga mwa masiku onse. Mnyamata wina wovala jezi ya Arsenal anandifunsa akuseka: "Bamudala, bola ya muno muitamba chani? Ni chani chamene matimu yanu yanachitapo?" Ndinamuyankha ndi chaka chimodzi chabe: 2016. Anandiyang'ana ngati ndalankhula Chifalansa.

Chaka chimenecho Zesco United ya ku Ndola inayamba nyengo ili ndi chikho cha ligi cha 2014 ndi cha 2015. Pofika kumapeto, chikhocho chinapita ku Lusaka kwa ba Zanaco, Zesco n'kukhala yachiwiri. Inatenga Barclays Cup, koma kwa ambiri kapu ndi chopukutira misozi chabe. Mukawerenga pepala lokha, munganene kuti timu inabwerera m'mbuyo. Ine nditi chinali chaka chachikulu kupambana zaka zonse zimene Zesco yanyamula ligi.

Onani kumene anyamata a George Lwandamina anaponda. Mu CAF Champions League anagwera m'gulu limodzi ndi Al Ahly ya ku Egypt, Wydad Casablanca ya ku Morocco ndi ASEC Mimosas ya ku Ivory Coast. Al Ahly ndiyo timu imene yatenga chikho ichi kambiri kuposa ina iliyonse mu Africa. Inabwera pa Levy Mwanawasa Stadium n'kumenyedwa 3-2. Ku Egypt zinathera 2-2. Gulu litatha, Wydad ndi Zesco anapitirira, Al Ahly inalongedza katundu. Mayina a Jesse Were, Clatous Chama, John Ching'andu ndi goloboyi Jacob Banda anamveka kutali ndi Copperbelt.

Mu semifainolo, mu Seputembala, anakumana ndi Mamelodi Sundowns ya Pitso Mosimane. Ku Ndola, Jackson Mwanza anagoletsa ziwiri, ndipo tinayamba kale kulota fainolo. Kutatsala mphindi zochepa, Khama Billiat anabweza chimodzi. Tinawina 2-1, koma aliyense wodziwa bola anatuluka mtima uli m'mwamba, chifukwa nthawi imeneyo chigoli chogoletsera kwa eni bwalo chinali cholemera. Ku Pretoria Sundowns inawina 2-0, kenaka inagonjetsa Zamalek mu fainolo n'kukhala akatswiri a Africa. Chigoli chimodzi chabe ku Pretoria chikanatengera masewerawo ku mapenoti. Pamenepo m'pamene tinafika.

Manje funso ndi ili: timu tiziyiyeza ndi chiyani? Kuno kwathu timawerenga zikho za ligi ngati mbuzi m'khola. Wa Nkana adzakuuzani zake, wa Power Dynamos zake, mkangano mpaka usiku. Koma funsani okalamba chimene amakumbukira. Adzatchula 1990, pamene Nkana inafika fainolo ya Africa n'kuluza kwa JS Kabylie pa mapenoti. Adzatchula 1991, pamene Power Dynamos inagonjetsa BCC Lions ya ku Nigeria n'kubweretsa Cup Winners' Cup ku Kitwe. Ligi imakupatsa ulemu m'minibasi. Africa imakupatsa dzina limene ana ako adzapeza.

Ndikudziwa amene adzanditsutsa. Wa Zanaco adzati ligi siyinama: umasewera ndi aliyense, kwanu ndi kwawo, ndipo amene wathera pamwamba ndiye wabwino. Ndi zoona, ndipo ba Zanaco a Mumamba Numba chikho chawo sanabe. Komanso khomo lopita ku Africa lili mu ligi momwemo. Ukagona m'ligi, ndege sukwera.

Koma tiganizire mtengo wake. Nthawi imeneyo ligi yathu inali kuyamba ndi kutha m'chaka chimodzi, pamodzimodzi ndi mpikisano wa CAF. Wosewera yemweyo amene wachoka ku Casablanca kapena ku Abidjan, miyendo itatupa ndi ndege, anayenera kukalimbana ndi timu imene yapumula sabata yonse. Kuthamangitsa zikho zitatu ndi gulu limodzi la anyamata, china chidzagwa ndithu. Ngati tikunyoza timu chifukwa chakuti chagwa ndi cha ligi, tikuphunzitsa matimu athu mantha: kuti ndi bwino kutuluka msanga mu Africa kuti ukalamulire kunyumba. Ndipo taonani, chikho cha ligi chinabwerera ku Ndola mu 2017, 2018 ndi 2019. Ligi imabwera chaka ndi chaka. Semifainolo ya Champions League sibwera choncho.

Mbali ina ndi yathu, ife otamba. Timadziwa amene wavulala bondo ku London, koma sitidziwa amene akusewera ndi Red Arrows pa Nkoloma mawa. Timafuna matimu athu amenye Al Ahly, pamene ndalama yathu yonse yapita ku jezi ya kunja ndi kubetcha. Timu imene ikusewera pamaso pa mipando yopanda anthu siyingasunge wosewera wake wabwino. Chama anapita, n'kukakhala mfumu ku Simba ya ku Tanzania, kumene anthu amadzaza bwalo.

Sindinena kuti muvule jezi ya Arsenal. Ndikuti timu ya kuno ikalandira alendo a mu CAF, ngakhale si yanu, pitani mukakhale pa mpando umodzi wa pa Heroes kapena pa Levy. Ndipo ikataya mapointi m'ligi Lachitatu lotsatira, musathamangire kuitanitsa mutu wa kochi.

Mnyamata uja atamaliza kumetedwa anatulutsa foni n'kufunsa: "Mwati Zesco na Al Ahly, chaka chiti?" Ndinamuuza. Anatuluka akuyang'ana zigolizo.