Nkhwani wa m'Malichi si wotaya

Alamu anga ena kuno kwa Khwethemule andikhumudwitsa sabata ino. Ndawapeza akuzula maungu kuseri kwa nyumba n'kumaunjika kudzala, nkhwani uli biriwiri, nsonga zanthete, maluwa ali pompo.

"Alamu, ndiwo zonsezi mukutayiranji?"

"Aaa, nyengo yake yatha alamu, pakhomo pakuoneka ngati patchire."

Madzulo ake mwana wawo anadutsa atanyamula kampukutu ka repu kogula.

Nyengo yake yatha bwanji? Mvula ikamatsazika, m'Malichi ndi mu Epulo muno, m'pamene amayi athu ankatanganidwa koposa. Ankathyola nkhwani, khwanya, chitambe ndi denje, kuziwiritsa pang'ono, kuyanika pamphasa, kenako kumanga m'zikwatu za masamba a msuku n'kupachika kudenga, pamene utsi umafika. Mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, zitsime zitaphwa, ankamasula chikwatu, kutendera ndi nsinjiro, banja n'kudya nsima mokhuta. Lero mfutso anthu akuuchitira manyazi, ati ndi ndiwo za osauka. Bonongwe, luni ndi chisoso, zomera zokha popanda kugula mbewu, achinyamata akuzipalira ngati udzu. Inunso mukudziwa kuti izi si nzeru.

Ndipo ena angataye chakudya, koma osati ife a ku Thyolo. Kwezani maso: zitunda zachonde ndi tiyi yekhayekha, Satemwa amene anayamba mu 1923, Conforzi, Naming'omba, Makandi. Makolo athu anagwira thangata pa nthaka imeneyi nthawi ya atsamunda. Tiyi akadali pomwepo, ife ndi amene tikuchulukana pa timinda togawanagawana, tina tosakwana ndi theka la ekala lomwe. Nthochi zimene zinkatchukitsa boma lino zinasakazidwa ndi matenda a chisaka. Namondwe wa Freddy, m'Malichi 2023, anakokolola mbewu ndi dothi lomwe. Nkhani ya malo imandiwawa, ndipo sindidzasiya kuinena, koma podikira kuti akuluakulu aikonze, ana ayenera kudya.

Agogo athu pa malo ochepa omwewa anatulukira mbwera. Chapakati pa Malichi, chimanga chikakhwima, amasadza masamba a m'munsi kuti dzuwa lilowe, n'kupalasa dothi la m'mizere, n'kubzalamo nyemba kapena sawawa. Chinyezi chotsalira ndi chiperoni chimene chimatiwaza kuyambira Meyi ndizo zimalera mbewuzo. Munda umodzi kukolola kawiri, nandolo ali chiimire kudikira Ogasiti. Maboma ena chiperonichi amangochimva pa wailesi, ife chimatipeza pakhomo. Nanga tikuchisiyiranji chizingonyowetsa nthaka yopanda kanthu?

Ino ndiyonso nthawi yofesa nazale ya mpiru, repu, kabichi ndi anyezi, poti masamba amenewa amakonda kuzizira. Sizifuna zambiri: kabedi kamodzi pafupi ndi thandala, manyowa a mbuzi kapena a nkhuku owolerana, madzi otsukira mbale, ndi kampanda ka udzu koletsa nkhuku zomwezo. Ndiwo zimene mumaziona zitaunjikidwa pa Bvumbwe, zopita ku Limbe ndi ku Blantyre, zimayambira pa timabedi totere.

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Ndalama ya ku esiteti ndi fodya wapachala. Tiyi amaphuka kwambiri nthawi ya dzinja. Mvula ikangodula, masamba amachepa, ambiri olembedwa ntchito yothyola amauzidwa kuti akapume. Pamenepo munthu wozolowera kugula ndiwo tsiku ndi tsiku adzatani? Wapamphuno ndi mfutso uli kudenga ndi mpiru uli kuseri kwa nyumba.

Choncho abale anga a kwa Khwethemule, Bvumbwe, Thekerani ndi Masambanjati, musazule maungu asanaume okha. Thyolani nkhwani, futsani, sungani nthanga za chaka chamawa, ndipo nyemba za mbwera zilowe m'nthaka sabata ino dothi lisanaume.