Mankhwala a M'mano Si Mankhwala a Kompyuta

Kuyambira caka ca 2014, pamene phunziro la makompyuta linalowa m'masukulu a sekondale muno mu Zambia, makina amenewa afika ngakhale kumidzi ya ku Petauke, Katete ndi Lundazi. Ambiri a iwo ndi akale, ogwirapo kale nchito kwina, ndipo nthenda yao yaikulu ndi kutentha.

M'kati mwa kompyuta muli kacipangizo kochedwa purosesa, kamene kamacita masamu onse. Pamwamba pace pamakhala cisulo cokoka kutentha. Ziwirizi zimaoneka zosalala, koma zili ndi timikwasa tosaoneka ndi maso momwe mumatsalira mpweya, ndipo mpweya sulola kutentha kudutsa bwino. Nchifukwa cace pakati pao amapakapo phala lapadera lochedwa thermal paste, lopangidwa ndi mafuta a silikoni ndi ufa wa zitsulo, loti litseke timikwasato.

Tsono phala limeneli silipezeka m'magolosale a kumudzi. Amisiri ena, pofuna kuthandiza, amapakapo mankhwala otsukira mano, Vaseline, girizi wa njinga, kapenanso batala. Luso lopeza njira pamene palibe njira ndi loyamikika. Ndilo limayendetsa zigayo ndi mijigo m'midzi yambiri. Koma pano likunyenga eni ace.

Cinyengo cace ncakuti tsiku loyamba kompyuta imayenda bwino, mmisiri nalandira ndalama zace napita. Mankhwala a m'mano ali ndi madzi. Purosesa ikatentha kufika madigiri 70 kapena 80, madziwo amauma pa masiku owerengeka, ndipo potsala pamakhala cikhungwa cong'ambika-ng'ambika monga dothi la padambo m'cilimwe. Vaseline amasungunuka nayenderera kunja. Aliyense amene anasiya botolo lace padzuwa la October ku cigwa ca Luangwa adziwa zimenezi. Coipitsitsa ndi kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya, pakuti kamayendetsa magetsi, ndipo kakagwera pa mawaya kangathe kupsereza makina onse. Purosesa ikayandikira madigiri 100 imayamba ulesi kapena kuzima yokha, mwina mwana ali pakati pa mayeso.

Aphunzitsi akulu ndi makomiti a makolo ayenera kudziwa kuti kawiri-kawiri colakwa si phala ai, koma fumbi lotseka fani. Fumbilo licotsedwe coyamba. Ngati phala leni-leni palibe, cisulo cija cisatukulidwe konse, pakuti phala lakale losasokonezedwa liposa la m'bafa.

Ndipo kugula sikobvuta monga ena aganizira. Kacubu kamodzi ka magalamu 4 kakwanira makompyuta oposa khumi, cifukwa pa purosesa imodzi pafunika kadontho konga njere ya nandolo, atapukuta lakale ndi sipiriti. Mphunzitsi wopita ku Chipata kapena ku Lusaka pa nchito za sukulu atumidwe kacubuko, kasungidwe mu ofesi pamodzi ndi coko ndi mapepala a mayeso.